Nyumba ya Lendi Imene Ndinakonzera Munthu Mmodzi

1

Anthu amanditchula kuti a Tepi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu tepi yoyezera sinachokepo pa lamba wanga. Ndine kalipentala, ndipo ndikanena kuti chitseko chakhota, ndiye kuti chakhotadi. Koma lero sindinabwere kudzadzitama. Ndabwera kudzaulula mmene ine, ndi imvi zangazi, ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito mwana wanga mmodzi yekhayo chifukwa cha kanyumba ka zipinda ziwiri.

Kanyumbako kali kuseri kwa nyumba yanga, mumpanda momwemo. Kale ndinkasungiramo matabwa ndi zitini za vanishi. Chaka chatha ndinatulutsa zonse. Ndinagumula masitepe atatu a pakhomo n'kuthirapo simenti yotsetsereka bwinobwino, ndinakulitsa makomo onse, m'bafa ndinakhomamo chitsulo chogwirira, ndipo pabalaza ndinaboola khoma n'kuikapo windo lalikulu loyang'ana kum'mawa. Miyezi inayi ndili ndekha pa ntchitoyo, mluzu uli pakamwa.

Tisanamizane, owerenga: nyumbayo ndinakonzera munthu mmodzi. Zoti ndi ndani, ugwireni mtima, ndikuuzani. Vuto linali lakuti munthuyo sindikanatha kumuitana ndi pakamwa pangapa. Ndinkafuna aone yekha kuti pali nyumba ya lendi, abwere yekha, agogode yekha pageti, ine nditsegule n'kuchita ngati ndadabwa.

Mapulani a munthu wamkulu amenewo!

2

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku kampani yochititsa lendi nyumba za anthu. Ndimamutchula kuti Abwana, poti anayamba kundilamulira mano asanamere onse. Lamlungu lina masana atabwera kudzandiona, ndinamupatsa pepala limene ndinalemba ndi pensulo yanga ya ku ntchito.

Anawerenga mokweza: "Nyumba ya lendi. Tikufuna munthu wachikulire wa zaka zoposa makumi asanu, wokhala yekha, wopemphera, wosakonda alendo. Achinyamata, apabanja ndi a ana musavutike."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Adadi, mukutsatsa nyumba kapena mukusaka mkulu wa mpingo?"

"Nyumba ndi yanga," ndinatero. "Ndilibe ufulu wosankha munthu woti ndizionana naye m'mawa uliwonse?"

"Nyumba ndi yanu, koma zimene mwalembazi ndi tsankho. Kwathu ku ntchito ndikangoika izi, mawa lake ndanyamula chikwama. Ife sitifotokoza munthu amene tikumufuna, timafotokoza nyumba. Munthu aone yekha ngati ikumuyenera."

Anatembenuza pepala langa n'kuyamba kundiwerengera malamulo. Aliyense wobwera afunsidwe mafunso amodzimodzi: ngati angakwanitse lendi, ngati ali ndi kalata yochokera kumene akukhala, ndiponso ngati akuvomera kusasuta fodya mumpanda muno poti muli matabwa. Zaka zake, mpingo wake, mtundu wake, kaya ali pabanja kaya ayi, zimenezo sizinali zanga. Woyamba kubwera n'kukwaniritsa zitatuzo, nyumba ndi yake. Chilengezo chikatuluka pa tsamba la kampani yawo, pansi pake pakhala dzina la Abwana. Ine, poti ndimakhala pakhomo tsiku lonse, ndiziwaonetsa anthu nyumba n'kulemba aliyense pa fomu, tsiku ndi nthawi imene wabwera.

Poyamba ndinang'ung'udza, kenako nzeru inandibwerera. Tifotokoze nyumba, eti? Chabwino.

"Lemba," ndinatero. "Palibe masitepe. Makomo ndi aakulu. M'bafa muli chogwirira. Pabalaza pali windo lalikulu, powala bwino kwa munthu wogwira ntchito yamanja. Basi imaima pafupi."

Abwana anasiya kulemba n'kundigwira mkono.

"Adadi, mwaganizira anthu amene ambiri sawaganizira. Sindinkadziwa kuti muli ndi mtima wotere."

Ndinatsokomola n'kupita kukaika madzi a tiyi pamoto. Manyazi anandigwira, koma pang'ono pokha.

3

Foni inayamba kulira Lolemba m'mawa. Ine tsiku lililonse malaya ositasita, ndevu zometa, nsapato zopolisha, moti wa golosale wa patsogolo pa geti langa anandifunsa ngati ndasiya ukalipentala n'kuyamba ubusa.

Kukana sindinakane munthu, poti Abwana anandiletsa. Ndinkangowathandiza kuti akane okha.

Woyamba anali namwino, mtsikana waulemu, amene anati masiku ena amagona masana. Ndinamuonetsa zipinda zonse mwansangala, kenako ndinathamangira kushedi n'kuyatsa makina ochekera matabwa. Anatsanzika atatseka makutu. Kunabwera dalaivala ndi mkazi wake ndi ana awiri. Ndinawauza mwachisoni kuti utuchi wa pano umayambitsa chifuwa chosamva mankhwala. Ophunzira awiri a ku koleji ndinawauza kuti madzi amatuluka Lachitatu lokha.

Amene anandivutitsa ndi bambo wina wonenepa, wosaopa kanthu.

"Makina amalira tsiku lonse," ndinamuuza.

"Ine ndikagona ndagona, madala."

"Madzi ndi ovuta."

"Ndili ndi migolo iwiri."

"Nanga makoswe? A pano amadya ndi sopo yemwe. Akamaliza sopo amayamba zidendene."

Anayang'ana mapazi ake, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti akaganize kaye. Pa fomu ya aliyense ndinkalemba mwaukhondo kuti: sanaikonde.

Masabata awiri anatha, anthu khumi ndi mmodzi. Abwana anaimba foni ali wodabwa.

"Adadi, nyumba ngati imeneyo imatengedwa masiku atatu asanathe. Chikuchitika n'chiyani?"

"Anthu a masiku ano ndi osankha, mwana wanga," ndinayankha, osachita n'chibwibwi chomwe.

Koma amene ndinkamudikirayo, zii. Geti likangoti gwede, mtima unkadumpha. Ndikasuzumira, wina.

4

Loweruka lachitatu, cha m'ma naini m'mawa, kunabwera banja. Mkazi anali mphunzitsi, wa nkhope yosaseka wamba, atanyamula envulopu. Mwamuna anali pa njinga ya olumala, akudziyendetsa yekha ndi mikono yolimba. Anati amakonza mawotchi ndi mafoni.

Ndisanayambe n'komwe nkhani zanga zija, mwamunayo anakwera potsetsereka paja ngati ndi kwawo, analowa pakhomo osakhudza felemu, anafika pakati pa balaza n'kuzungulira kawiri.

"Mayi, mwaona? Ndazungulira! Osagunda kalikonse!" anafuula, akuseka ndi mano onse.

Anapita kubafa, anagwira chitsulo chija n'kuchigwedeza ndi mphamvu. Anabwerera pawindo n'kutambasula manja padzuwa.

"Apa ndiye tebulo langa. Ndi kuwala kumeneku palibe kachitsulo ka wotchi kamene kangandithawe. Bambo, amene anakhoma makomo awa amaidziwa ntchito."

Mawu amenewo anandikoma, sindinama. Mphunzitsi anafotokoza kuti akukhala pamwamba, pa nyumba yosanja, ndipo chichitireni ngozi mwamuna wake zaka ziwiri zapitazo, amachita kupempha oyandikana nawo kuti amunyamule potsika ndi pokwera. Akasowa omunyamula, tsiku limenelo ntchito palibe. Mu envulopu munali zonse: kalata ya ku sukulu, kalata ya landilodi wawo, ndi zina zimene sindinafunse n'komwe. Fodya sasuta.

Ndinayesa za makina.

"Phokoso la munthu wogwira ntchito ndimalikonda," anatero wokonza mawotchi.

Ndinayesa za makoswe.

"Tili ndi mphaka," anatero mphunzitsi, osaphethira.

Ndinayang'ana kugeti, kunalibe munthu. Ndiye ndinanena bodza limene mpaka lero ndikalikumbukira chakudya chimasiya kukoma.

"Pepani, ana anga, ndaiwala kukuuzani. Nyumbayi inatengedwa dzulo."

Mwamunayo anasisita felemu ya chitseko ndi chikhatho, anamwetulira pang'ono, n'kutsetsereka kutuluka. Mkazi wake anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene aphunzitsi amamuyang'anira mwana amene akunama kuti kope lake lanyowa ndi mvula. Fomu yawo sindinalembe.

Tsiku limenelo ndinadula thabwa limodzi molakwika kawiri, chinthu chimene sindinachitepo chiphunzirireni ntchito.

5

Lolemba kunaimba mayi wa mawu achikulire. Anati akufunsira mnzawo, munthu wamkulu wokhala yekha, ngati nyumba ija ikadalipo. Mtima wanga unati, ndi yemweyo, watuma nthumwi!

"Ilipo! Ilipo, mayi! Auzeni abwere ngakhale lero!" ndinatero, mpaka pensulo inagwa kukhutu.

Sindinadziwe kuti amenewo anali ahedi a pasukulu ya mphunzitsi uja, ndipo foni inali pa sipika, mphunzitsiyo atakhala pambali ndi cholembera.

Lachitatu masana, ndikupala thabwa, Abwana analowa mushedi ndi zovala za ku ntchito, osapereka moni. Anaika pepala pa benchi, pamwamba pa utuchi.

"Werengani."

Inali kalata ya dandaulo yopita ku kampani yawo. Munali masiku, nthawi, mawu anga onse, ndi makoswe omwe.

"Andiimitsa ntchito mpaka Lachisanu kuti ndikafotokoze. Dzina limene lili pa chilengezo ndi langa, Adadi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira pamenepo popanda banga. Tandiuzani zoona: munamukana munthu uja chifukwa cha njinga yake?"

"Ayi! Mulungu akuona, ayi!"

"Nanga chifukwa chiyani?"

Mwana wanga, amene sanalire ngakhale tsiku limene anathyoka mkono ali wamng'ono, anali kugwetsa misozi pa benchi yanga. Ndinamva chisoni, ndinadzida, komabe lilime linakana.

Pamenepo geti linalira, ndipo tinamva ndodo ikugogoda pa simenti, pang'onopang'ono, kulunjika kushedi.

6

Anali amayi ake a Abwana. Mkazi wanga.

Inde, owerenga, munthu uja ndi ameneyo. Tinasiyana zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, osapita kukhoti, osatukwanana. Iwo ndi telala. Chimene chinawachotsa ndi ichi: pageti panga wosankha wolowa ndinali ine ndekha. Anzawo ena ndinkati ndi olongolola, achibale ena ndinkati ndi osadziwika bwino. Tsiku lina mng'ono wawo anabwera ndi khanda kumsana, mwamuna atamuthawa, kudzapempha pogona pa mwezi umodzi. Ndinati pakhomo panga si posungira anthu opanda mabanja. M'mawa mwake mkazi wanga ananyamula makina awo osokera n'kutsatira mng'ono wawo. Ine ndinati abwera okha. Sanabwere. Chaka chatha wa golosale anandinong'oneza kuti bondo lawavuta, ndipo nyumba imene akuchita lendi ikugulitsidwa. Mawa lake ndinayamba kugumula masitepe.

Anaima pakhomo pa shedi atatsamira ndodo, imvi zikuonekera m'mbali mwa mpango, okongola ngati kale koma nkhope ili gwa.

"Amama, mukutani kuno?" anafunsa Abwana, akupukuta m'maso.

"Ndabwera kudzaona windo langa. Zaka makumi awiri ndinkawapempha bambo akowa windo loyang'ana kum'mawa kuti ndizisoka powala. Ankati khoma lingafooke. Lero ndikuliwerenga pa foni." Anatembenukira kwa ine. "Mukuganiza kuti sindinadziwe? Tsiku loyamba lomwe ndinadziwa. Palibe masitepe, m'bafa muli chogwirira. Munangotsala kulemba saizi ya nsapato yanga."

Abwana anayang'ana ine, anayang'ana amayi ake, n'kukhala pansi pa mulu wa matabwa.

"Adadi! Ndiye kuti ine ndinaika kalata ya chibwenzi pa tsamba la kampani?"

"Ana aja ndinawatuma ndine," anapitiriza amayi ake. "Mphunzitsi uja ndimamusokera madiresi. Ndaonapo mwamuna wake akunyamulidwa pa masitepe ngati thumba. Ine ndodo ikundikwanira, iye nyumba ija ndi moyo wake. Mumtima ndinati, munthu amene wagumula masitepe mwina wagumula ndi zina zomwe. Kani ayi. Mukadali pageti ndi tepi yanu, kuyeza anthu."

Ndinavula chipewa. Mawu amene anandikanika zaka khumi ndi chimodzi anatuluka okha, ang'onoang'ono.

"Amake mwana, ndinkafuna mubwerere. Ndinasowa poyambira."

"Ndiye munaona kuti poyambira pabwino ndi kundilipiritsa lendi? Ine? Kuseri kwa nyumba imene njerwa zake ndinasenza pamutu pangapa?"

Kunena zoona, mbali imeneyo sindinaiganizire. Abwana anayamba kuseka misozi isanaume, anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ndinaona milomo ya amayi ake nayo ikunjenjemera, ngakhale anailimbitsa.

7

Chilango anandipatsa awiriwo mogwirizana. Choyamba, mafoni. Abwana anati poti anthu khumi ndi mmodzi aja ndiwo anayamba kubwera, ndipo ndinawathamangitsa ndi mabodza, ndiwaimbire mmodzimmodzi motsata mafomu, ndiwauze zoona, ndipo ngati alipo amene akuifunabe nyumba ayambe ndi iye. Mukudziwa kuwawa kwake kouza munthu wamkulu kuti makoswe aja kulibe? Ambiri anali atapeza kale kwina. Namwino anati makina aja ndi enieni ndithu, ayi zikomo. Bambo wonenepa uja ananditchula dzina limene magazini ino singalisindikize.

Lachinayi ndinakwera masitepe makumi awiri ndi anayi kupita kwa mphunzitsi, ndikupumira pakati. Ndinafotokoza zonse, osabisa ngakhale za malaya ositasita. Wokonza mawotchi anaseka mpaka kagalasi kake kokonzera mawotchi kanagwa padiso.

"Ndiye ine ndinkalimbirana nyumba ndi chikondi cha madala!"

Mkazi wake sanaseke.

"Bambo, chifukwa chanu n'choseketsa, koma ife tinabwerera kuno tikudziwa kuti tatsekeredwa chitseko. Amuna angawa sanadye tsiku limenelo. Kwa munthu wokanidwa, chifukwa chanucho sichisintha kanthu."

Kalata yovomera kulakwa yopita ku kampani ndinalembera pa tebulo lawo lomwelo, mphunzitsi akukonza zolakwika ndi cholembera chofiira. Lachisanu ndinapita nayo ndekha kwa mkulu wa kampaniyo, ndinaima chilili n'kuvomera kuti mwana wanga anandiphunzitsa zonse bwino, wosamva ndi ine. Abwana anabwerera pa ntchito atachenjezedwa kuti asadzasiyirenso wachibale makiyi. Banja lija linalowa kumapeto kwa mwezi, ndi mphaka yemwe.

Mbali ya mkazi wanga inali yolemera kuposa zonsezi. Anati ndisanatchule n'komwe za kubwerera, ndikapepese kwa mng'ono wawo. Ndinapita. Amene ananditsegulira chitseko anali mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu, wamtali kufika paphewa panga. Khanda lija.

"Tikuthandizeni, bambo? Ndikawauze kuti kwabwera ndani?"

Ndinati ndine bambo ake aakulu. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena mwaulemu kuti sanamvepo zoti ali nawo. Pa zonse zimene ndinakumana nazo sabata imeneyo, izi ndi zimene zinandigwetsa misozi. Mlamu wanga anandisiya ndilire kaye, kenako anandikokera mpando.

8

Tsono owerenga, makamaka inu eni nyumba anzanga, ine ndinkadziona ngati wosiyana ndi aja amalemba poyera kuti safuna a ana, safuna mbeta, safuna a mpingo wakutiwakuti. Ndinkati ine changa ndi chikondi. Koma amene waima pageti samva kusiyana kwake. Iye amangoona kuti chitseko chimene chikutsegukira ena, iye chamutsekera. Lembani za nyumba yanu moona, funsani onse mafunso amodzimodzi, ndipo woyenera akafika mpatseni makiyi ngakhale si amene munamulota. Ndipo ngati pali munthu amene mtima wanu ukumufuna, chonde musavutitse anthu osaka pogona. Valani nsapato mupite mukamuuze.

Ine ndinapita kwa mkazi wanga kasanu, ndikubwerako ndi tiyi m'mimba basi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anandilozera makina awo osokera kuti ndinyamule, n'kuwonjeza kuti ndikawakanda penti tionana.

Masiku ano m'mawa uliwonse wokonza mawotchi amandifuulira pawindo lake kuti, "Madala a chikondi, mwadzuka bwanji?" ndipo ine ndimachita ngati sindinamve. Makiyi a pageti akusunga ndi amake Abwana. Loweruka pakhomo pamadzaza: mlamu wanga ndi mwana wake, makasitomala a madiresi, azimayi olongolola, ena sindikuwadziwa n'komwe. Nthawi zina lilime limandiyabwa kuti ndifunse kuti nanga uyu ndiye ndani. Mkazi wanga amangondiyang'ana, ine n'kupita kukatenga mipando ina.